Mbewa ya pa Khomo Lachiwiri

Anthu akamadutsa pa mdadada wathu kuno ku Matero amakwinya mphuno, ati nyumba zanji zogwirana m'chiuno chonchi. Akwinye, mphuno ndi zawo. Ine Dyness ndakhala pa khomo lachinayi kuyambira ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, mano onse ali m'kamwa, ndipo amene akufuna kunyoza nyumba imeneyi ayambe wakhala pansi ndimuuze za amake Rhoda.

Mdadadawu unamangidwa ndi kanselo ya atsamunda ufulu usanabwere. Nyumba zinayi zolumikizana, denga limodzi la asibesitasi, makomo anayi oyang'ana kumsewu, mpopi umodzi kuseri. Banja lililonse zipinda ziwiri, chakumaso ndi chakuseri, basi. Koma omangawo sanafikitse makoma kudenga. Pamwamba pa khoma lililonse lolekanitsa nyumba anasiya mpata woti mutu ndi mapewa a munthu n'kudutsa. Ena amati njerwa zinawathera, ena amati mzungu anaona kuti wantchito alibe chinsinsi choti n'kumutayira simenti. Ukayetsemula pa khomo loyamba, wa pa khomo lachinayi ndiye amati pepa. Mchere unkadutsa pamenepo, khala la moto pa fosholo linkadutsa pamenepo, ngakhale khanda linadutsapo tsiku lina pamene mayi wake anasowa kiyi.

Pa khomo loyamba anthu ankasinthasintha. Panakhala mlonda wina amene ankagona usana wonse n'kumatitukwana tikamasinja, kenako telala wa ana asanu ndi atatu, mpaka panadzakhazikika ba Kapambwe amene anadzakhala tcheyamani wa chipani. Pa khomo lachinayi ife, bambo a kwathu akunyamula katundu kusiteshoni ya sitima. Nkhani ili pakatipo, pa khomo lachiwiri ndi lachitatu.

Pa lachiwiri pankakhala a Elesi, amene tonse tinkawatcha amake Rhoda. Anabadwira kukomboni ya mgodi ku Kabwe, bambo awo atayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito. Ku Ntcheuko iwo sanakupondeko ngakhale kamodzi, koma akamati "kwathu" mungaganize kuti anachokako dzulo. Anali afupi, ojintcha, a mawu oti akaitana mwana ku Matero, wa kukomboni ya George amayankha. Amuna awo a Edwell anali khukhi pa hotela ina m'tauni, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Amake Rhoda ankakazinga vitumbuwa m'mawa n'kukagulitsa kumsika, ndipo wogula akadandaula kuti vyachepa ankamuuza kuti pakamwa pake ndi pamene pakula.

Pa lachitatu panabwera ba Mukuka, Mbemba wa ku Kasama, wopaka penti wa kanselo. Wamtali, wowonda, ovolosi ya madontho a mitundu yonse, njinga yakuda ya belu losalira. Anafika ndi mkazi wawo ndi kamwana kakamuna, Ngosa.

Tsono muyenera kudziwa chinthu chimodzi. Kuno ku Zambia kuli chimene timati chimbuya. Kalekale Abemba ndi Angoni anamenyana nkhondo mpaka onse kutopa popanda wogonja, ndiye anaika mikondo pansi n'kutenga malirime. Kuyambira pamenepo Mbemba akakumana ndi munthu wa kum'mawa, kumene kuli Angoni, ayenera kunyozana, ndipo wokwiya ndiye chitsiru. Mbemba amati a kum'mawa amadya mbewa. A kum'mawa amati Mbemba amadya anyani. Koma tsiku la maliro, wokumba manda, wophika ndi woseketsa ofedwa ndi yemwe uja umanyozana naye. Ameneyo ndiye mbuya wako. Ine ndine Mlomwe, nkhondo imeneyi sinandikhudze, ntchito yanga inali kumvetsera ndi kugwira nthiti.

Tsiku lomwe ba Mukuka anafika, katundu asanamasule n'komwe, anamva mayi akuimba kuseri kwa khoma. Anakwera pa chitini cha penti n'kusuzumira pampata paja.

"Odi, mukwai! Kwanu ni kuti?"

"Kwathu ku Ntcheu," anayankha amake Rhoda. "Ndine Mngoni weniweni."

"Awe sure! Kanselo yanipasa nyumba ya mbeba!"

Amake Rhoda sanaphethire. Anatembenukira kuchipinda n'kukuwa kuti, "Abambo a Rhoda, bisani nthochi! Kwabwera nyani wa njinga!"

Basi, nkhondo inayambira pomwepo, ndipo inatenga zaka pafupifupi makumi awiri. Ife wotchi sitinkaifuna. Kukangocha mumamva, "Iwe Mukuka, tsika mumtengomo, kwacha!" Kenako kuseri kwake, "Elesi, wagona bwanji ku una? Pusi sanabwere?" Tikamva zimenezo tinkadziwa kuti nthawi yoika madzi pambaula yakwana. A Edwell nthawi ina anayesa kunena kuti Mngoni wa ku Malawi sali m'gulu la chimbuya. Ba Mukuka anati mbewa ya ku Chipata ndi mbewa ya ku Ntcheu mchira ndi umodzimodzi, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Zinthu zimene zinadutsa pampata paja! Tsiku lina ba Mukuka akumeta ndevu, mbewa youma inatsika pang'onopang'ono pa ulusi n'kuima pakati pa iwo ndi galasi. Iwo anaipatsa moni mwaulemu n'kufunsa ngati inali achemwali a amake Rhoda. Pa Khirisimasi amake Rhoda analandira mphatso yokutidwa bwino m'pepala la maluwa, m'kati muli msampha wa makoswe. Iwo anabwezera phava la nthochi, ati akadyetse ndiwo zawo zinenepe.

M'mawa wa tsiku la ufulu, mu 1964, Matero yense anali pamsewu. Ng'oma, malikhweru, azimayi nthungululu, azibambo amene sanavinepo chibadwire akugwedeza m'chiuno. Ba Mukuka anali atakhala sabata yonse akupaka miyala ya m'mbali mwa misewu ya m'tauni, ndipo penti inatsalako. Tikutuluka tinapeza pa chitseko cha amake Rhoda pali chimbewa chonenepa, cha ndevu, chitanyamula mbendera yatsopano. Anthu anaunjikana. Amake Rhoda anatuluka, anaika manja m'chiuno, anachiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mchira waufupikitsa," anatero. "Munthu wodziwa michira ngati iwe?"

A Edwell anabwera ndi nsanza kuti afufute, koma mkazi wawo anawaletsa, ati mbewa imeneyi nayo yalandira ufulu. Masana ake ba Mukuka anapita kumsonkhano wa chikondwerero pa njinga, chingwe chachitali ngati mchira wa nyani chitasokereredwa kumbuyo kwa ovolosi yawo chikukwekwereka m'fumbi. Ankadziwa bwinobwino! Anapalasa choncho mpaka m'tauni akuvulira anthu chipewa, ife tikugubuduzika ndi phwete.

Musaganize kuti zinali zoseka zokhazokha. Mkazi wa ba Mukuka anamwalira Ngosa ali kusukulu ya pulayimale. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse mbale yovundikira inkadutsa pamwamba pa khoma, ikutsagana ndi mawu akuti, "Ichi n'cha mwana. Iwe usakhudze, mulibe mchira." Koma mbaleyo inkakhala yokwana anthu awiri.

A Edwell nawo anatisiya patapita zaka zingapo, chifuwa. Amake Rhoda anangoti zii. Sanalire, sanadye, anangokhala pamphasa maso ali kukhoma, ife n'kumaopa kuti atsatira. Ba Mukuka anapita kumanda ndi anzawo Achibemba, anakumba, anabwerako ali fumbi lokhalokha. Kenako analowa m'nyumba ya maliro atavala chipewa chachitali choyera cha ukhukhi cha malemuwo, mbale ya ufa ili m'manja. Anathira amake Rhoda ufa kumutu mpaka nsidze kuyera, n'kutembenukira ku bokosi.

"Edwell, uka iwe! Wathawa chani? Wanisiyira ine chimbeba ichi nekha, nizachikwanisa bwanji?"

Amake Rhoda anatulutsa kaphokoso ngati atsamwa. Kanali kuseka. Kusekako kunasanduka kulira, analira mpaka mawu kutha, ndipo madzulo ake anadya. Ine ndinaona ndi maso angawa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti mayi ameneyu angakhale popanda nyama, popanda sopo, popanda mwamuna, koma osati popanda mpata uja ndi munthu wa kuseri kwake.

Chipani chitatsala chimodzi, ba Kapambwe a pa khomo loyamba anatupa. Anagula jekete, anayamba kuima pachipata cha msika kufunsa makadi, ndipo tsiku lina anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kuti aweruze mlandu wa kusankhana mitundu pa mdadada wathu. Anayankhula za dziko limodzi ndi mtundu umodzi mpaka thovu kukamwa. Amake Rhoda anangokweza dzanja n'kufunsa ngati mu mtundu umodziwo anyani nawo adzapatsidwa makadi. Ba Kapambwe, Mbemba mnzawo wa ba Mukuka, anaiwala jekete. "Imwe bodya mbeba, khalani chete!" Msonkhano unathera pomwepo, mlembi wa chipani akudzipukuta misozi ndi tayi.

Koma akulu onsewa, ndi ine ndemwe, tinali akhungu. Mpata sunali kuchipinda chakumaso kokha. Pamene makolo ankaponyerana anyani ndi mbewa kumaso, kuchipinda chakuseri Rhoda ankakwera pa sutikesi, Ngosa pa chitini cha penti. Rhoda anali atayamba kusoka pa fakitale ya malaya, Ngosa ali mmisiri womanga nyumba. Phokoso la makolo awo ndilo linali chitseko chawo. Tinadzidzimuka ankhoswe ali pakhomo.

Ukwati unachitika mu 1976, ndipo sindinavinepo choncho moyo wanga wonse, nsapato imodzi sindinaipeze mpaka lero. Nyumba ku kanselo kunalibe, mzere wodikira unali wa zaka, ndiye Rhoda anangotuluka pa khomo lachiwiri n'kulowa pa lachitatu. Mkwatibwi wina amapita ndi lole, uyu anapita ndi mapazi, mtondo uli pamutu.

Mavuto anabwera ndi alangizi. Azimayi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, a Chibemba ndi a kwathu, amene sanagwirizanepo pa chilichonse, pa ichi anagwirizana. Anakhazika pansi amake Rhoda ndi ba Mukuka n'kuwauza kuti tsopano ndi asebele, makolo a ana okwatirana, ndipo msebele satchulidwa dzina, sanenedwa iwe, sanyozedwa. Kenako mmodzi analoza pamwamba pa khoma.

"Nanga ichi? Mpongozi azimva bedi la mwana wake likulira? Mkamwini azimva apongozi ake akuliza mkonono? Mwaonapo kuti?"

Rhoda anabisa nkhope m'chitenje. Ngosa anayang'ana zala za kumapazi. Loweruka lotsatira mnyamatayo anabwera ndi wilibala ya njerwa n'kutseka mpata wonse pakati pa khomo lachiwiri ndi lachitatu, kumaso ndi kuseri komwe. Khoma langa sanalikhudze, ati ine si mpongozi. Zimene ndinamva zaka zimenezo ndidzapita nazo kumanda. Madzulo a tsiku lomwelo ba Mukuka anatenga penti yobiriwira n'kufafaniza mbewa ija pa chitseko, amake Rhoda ali m'nyumba osatuluka.

Mayo ine, ulemu umene unagwa pa mdadada wathu! Unali ulemu wolemera ngati thumba la simenti. M'mawa kunkangoti zii, mpaka bambo a kwathu anachedwa kuntchito kawiri. Awiriwo akakumana kumpopi, amake Rhoda ankagwada.

"Mwadzuka bwanji, asebele?"

Ba Mukuka nawo ankanjuta, chipewa pachifuwa. "Tauka bwino, mukwai, kaya imwe basebele?"

"Tadzuka, zikomo kwambiri."

"Zikomo, mukwai."

"Zikomo."

Ndiye aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kudzuka. Ndowa inkadzaza, madzi n'kumasefukira, n'kumayenda pansi pa mawondo awo, iwo ali zikomo, zikomo. Ine ndinkachita kuwalumpha kuti ndikatseke mpopi. Poyamba tinkaseka. Kenako tinaona kuti amake Rhoda chitenje chayamba kuzungulira kawiri.

Anayesa kupeza pena potulira. Anayamba ine, koma kunyoza Mlomwe za anyani n'kutaya malovu, ndinkangowayang'ana. Kumsika ankasaka Abemba ngati munthu wosaka ndiwo, koma ankabwerako akudandaula kuti a masiku ano sadziwa kubweza, umawaponyera nyani wathunthu iwo n'kukubwezera kambewa kowonda. Tsiku lina ndinawapeza kuseri akunyoza tambala. Tambalayo anali wamtali, wowonda miyendo, ndipo sindinafunse kuti ankamuona ngati ndani.

"Dyness," anandiuza tikusenda mbatata, "kodi amadya? Sindikumva supuni."

"Amadya. Rhoda amaphika bwino."

"Nanga amatsokomolabe m'mawa muja?"

"Kafunseni nokha, si apa pomwepa?"

"Ndikafunse chifuwa cha asebele? Ndili ndi misala?"

Zidzukulu zinabadwa ziwiri, zikuthamanga pakati pa makomo awiriwo, koma khoma linakhalabe khoma. Zinali zaka zimene zinthu zinayamba kusowa. Sopo, shuga, mafuta ophikira amene kuno timati saladi, zonse pamzere kusitolo ya boma, ndipo ukaona mzere unkayamba waima kenako n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Ba Mukuka anapuma ntchito. Ankakhala pakhonde pa chitini chawo chija, akuyang'ana msewu.

Ndiye tsiku lina m'nyengo yotentha anagwa kumpopi. Kuchipatala anakhalako milungu ingapo, ndipo anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita. Adokotala anati mawuwo mwina angabwerere ngati iwo eni atayesetsa, tiziwayankhulitsa. Tinayesa. Abusa anabwera n'kupemphera. Ba Kapambwe anabwera ndi jekete lawo n'kuwafotokozera za chitukuko. Rhoda ankagwada pambali pa bedi ndi phala, Ngosa akunong'ona kuti, "Tata, yesaniko." Aliyense ankalowa mwakachetechete ngati m'tchalitchi. Mkuluyo anangotembenukira kukhoma, khoma lomwe lija, n'kuyamba kukana chakudya.

Amake Rhoda anapita kukawaona monga mwa mwambo. Anavala chitenje chatsopano, anagwada pakhomo la chipinda, maso pansi.

"Pepani, asebele. Mulungu akuchizeni."

Ine ndinali pomwepo. Ba Mukuka anatembenuza mutu n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Diso lamanzere linatulutsa msozi umodzi, unayenda mpaka kukhutu. Kenako anabwerera kukhoma. Amake Rhoda anadzuka, anati zikomo, anatuluka.

Masana ake dzuwa lili paliwombo ndinamva amake Rhoda akusinja nsinjiro kuseri. Du, du, du. Kusinjako kunali kwaukali, kosakhala kwa mtedza. Kenako kunasiya. Ndinamva thebulo likukokedwa. Kenako mdadada wonse unagwedezeka.

Gu!

Fumbi linagwa kudenga n'kulowa mu tiyi wanga. Gu! Ndinathamangira pa khomo lachiwiri n'kupeza amake Rhoda ataima pa thebulo, chitenje atamangira m'chiuno, musi uli m'manja, akumenya njerwa za mkamwini wawo. Mwamwayi Ngosa anamanga nthawi imene simenti inali yosowa, mchenga ndiwo unachuluka. Njerwa imodzi inagwera mbali inayo, yachiwiri, yachitatu. Rhoda anakuwa. Ba Kapambwe anafika akuthamanga opanda nsapato.

"Mayo! Iyi ni nyumba ya kanselo! Muzamangiwa!"

"Kandimangeni!" anatero amake Rhoda, n'kumenyanso.

Ndinathamangira pa khomo lachitatu kuti ndikaone ngati njerwa sizinaphe wodwala. Zinagwera kumapazi kwa bedi. Rhoda anali atakumbatira ana pakona, Ngosa ataima kukamwa kuli yasa. Pamwamba pa khoma panali bowo, ndipo m'bowomo munatulukira mutu wa amake Rhoda, woyera ndi fumbi, duku litapendekeka.

"Iwe Mukuka!"

Rhoda anagwira pakamwa. Ngosa anatembenukira kuchitseko, chifukwa mkamwini angayang'ane bwanji mutu wa apongozi uli pakhoma?

"Iwe Mukuka, ndikuyankhula ndi iwe! Anyani a ku Kasama atumiza uthenga. Akuti akuchita phwando, michira yawo yayambanso kumera chifukwa wowadya wagona. Wagona chiyani? Wagwa mumtengo? Ndinakuuza ine kuti wakalamba, uzitola zakugwa zokha!"

Ndinati basi, mayiyu wadzichotsa ulemu pamaso pa mkamwini ndi komboni yonse, ndipo wapeza chiyani? Ba Mukuka sanagwedezeke. Amake Rhoda anadikira. Kenako anafuna kubweza mutu kuti atsike.

Mutu unakana.

Anakoka, makutu anakodwa ku njerwa. Anapotoza khosi, duku linagwera pa bedi. Kuseri tinkamva miyendo ikupalasa pa thebulo, ba Kapambwe akukuwa kuti agwire pati poti ndi mayi wa ulemu wake. "Dyness!" anakuwa amake Rhoda. "Usangoima ngati chitsa, ndikoke!" Wina anati tigumule njerwa ina, wina anati ikawagwera pakhosi. Mkazi wa ba Kapambwe anati palibe kuchitira mwina, pafunika saladi. Saladi! Botolo limene ndinaliimira pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka! Ndinapita kukalitenga ndikutukwana, ndinakwera pa mpando, ndinayamba kupaka makutu a munthu wamkulu, mafuta akutsikira m'zigongono.

Ndi pamene tinamva kaphokoso kuchokera pa bedi, ngati chitseko cha dzimbiri. Ba Mukuka anali atatembenuka. Ankayang'ana m'mwamba, phewa lamanzere likugwedezeka, pakamwa popotoka paja pakulimbana ndi chinachake. Ngosa anagwada pafupi.

"Tata? Mukuti chani?"

Dzanja lamoyo lija linadzuka pang'onopang'ono n'kuloza mutu uli pakhoma.

"Mu... musiyeni," anatero ba Mukuka. Lilime linali lolemera, koma tonse tinamva. "Mbeba... yagwiliwa."

Mbewa yakodwa! Ine ndinagwa pa mpando, botolo n'kutayika, ndipo sindinalire nalo n'komwe. Rhoda ankaseka akulira. Ngosa anathawira panja n'kukagwira mtengo wa mango. Ba Kapambwe kuseri ankafunsa kuti wati chani, wati chani, atauzidwa anakhala pansi pa simenti n'kumamenya pansi ndi chikhatho. Ndipo mutu uja pakhoma, wonyezimira ndi saladi wanga, misozi ikulemba mizere m'fumbi, unati:

"Zaka zonsezi, mawu ako oyamba ndi amenewa? Nyani wopanda khalidwe! Rhoda, mupatse phala asanafe ndi njala, ndikufuna ndimuyankhe ali wokhuta."

Anadya mbale yonse. Mutu tinautulutsa khutu limodzi litasupuka pang'ono.

Alangizi anabwera mawa lake nkhope zili gwa. Amake Rhoda anawalandira bwino, anawapatsa vitumbuwa, n'kuwauza kuti kumpopi ndi kutchalitchi adzagwada monga msebele mpaka mawondo atuluke zikanga, koma pamwamba pa khoma si pansi pano, malamulo awo safikapo. Za bedi la ana, anati kuchipinda chakuseri njerwa zikhale. Ngosa anakonza m'mbali mwa bowolo kuti lisadzalumenso munthu, ndipo analikulitsa pang'ono osauzidwa.

Ba Mukuka anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Mwendo sunabwerere, koma lilime linabwerera lokwana ntchito yake. Mawu ankatuluka mochedwa, ndiye amake Rhoda akaponya chawo ankaima pa thebulo khutu lili pabowo, kudikira. Nthawi zina yankho linkafika madzi a tiyi atawira kale. Ankadikirabe, ndipo likafika ankawomba m'manja n'kunena kuti, "Lero wandipeza, galu iwe." Mvula itagwa zaka zingapo penti yobiriwira ija inayamba kusupuka, ndevu za mbewa n'kuyamba kuonekera pa chitseko, ndipo palibe anaipakanso.

Anamwalira mu 1987, chaka chimene ufa unali wovuta kuposa nyama. M'mawa wa tsiku loika, bokosi linabwera kunyumba kuti atulukire pakhomo pawo. Abale ochokera ku Kasama ndi ku Kitwe anadzaza chipinda chakumaso, ndipo amake Rhoda anawakhazika pakati pa ofedwa, pamalo a ulemu a msebele. Anakhala mwakachetechete, mutu woweramitsa, nyimbo ziwiri. Pa yachitatu ndinaona malo awo ali opanda munthu. Ndinamva thebulo likukokedwa.

Ufa unagwa kuchokera pabowo ngati mvula. Unali ufa wawo womaliza, ndikudziwa chifukwa tinaima limodzi pamzere. Unagwera abusa, unagwera azakhali a ku Kitwe ndi wigi yawo, unagwera jekete la ba Kapambwe, unayeretsa bokosi lonse. Abemba aja anayang'ana m'mwamba, anaona mutu wa nkhalamba, ndipo anazindikira kuti mbuya wafika. Ena anayamba kuseka misozi ili m'masaya.

"Iwe Mukuka! Wathawa! Mbemba ndi wamantha kuyambira kale! Ukafika kumeneko usakayambe kukwera mitengo ya eni ake, wamva? Ndipo umuuze Edwell kuti chipewa chake unachibweza chakuda!"

Chipinda chonse chinaphulika. Ngosa, amene sanagwetse msozi chimwalirire bambo ake, anaseka mpaka kuseka kunatembenuka, Rhoda n'kumugwira.

Koma ine ndinkayang'ana m'mwamba. Amake Rhoda anali atatembenuza mutu n'kuika khutu pabowo, monga ankachitira m'mawa uliwonse. Anthu anaona, phokoso linatsika, mpaka m'nyumba monse munangoti zii. Anadikira. Tonse tinadikira nawo, anthu akuluakulu ndi nzeru zathu, oyera ndi ufa, tikuyang'ana bokosi.

Kenako anandiyang'ana.

"Dyness," anatero ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo, "ndapambana. Bwera unditsitse."